Kuikiza katundu m'sitolo: zomwe alimi ndi magulu opanga zinthu kuchokera ku zokolola ayenera kudziwa

Alimi ambiri ndi magulu awo tsopano akupanga zinthu monga chiponde, uchi wa m'mabotolo, mafuta ophikira a mpendadzuwa, ufa wa soya, jamu wa malambe ndi mpunga wolongedza m'mapaketi. Vuto limabwera pa msika. Mwini sitolo safuna kutulutsa ndalama zake kugula katundu amene makasitomala ake sanamuzolowere. Kawirikawiri amayankha kuti: "Siyani, tikupatsani ndalama akagulidwa." Malonda otere ndiwo kuikiza katundu, ndipo pa Chingerezi amati consignment.

Kuikiza katundu n'kutani?

Pali njira zitatu zoperekera katundu kusitolo, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa.

Kupikulitsa: mwini sitolo amagula katundu ndi kulipira pompo. Kuyambira pamenepo katunduyo ndi wake, agulidwe kapena asagulidwe.

Kukongoza: mwini sitolo amatenga katundu n'kulonjeza kulipira ndalama zonse pa tsiku lomwe mwagwirizana. Katundu ndi wake, ndipo ngongole imakhalapo ngakhale asanagulitse kanthu.

Kuikiza: katundu amakhalabe wanu ngakhale ali pa shelefu ya munthu wina. Mwini sitolo amalipira katundu yekhayo amene wagulidwa, atachotsapo komishoni yake. Wotsala amabwerera kwa inu.

Mfundo yaikulu ndi iyi: poikiza katundu, chiopsezo chimatsala ndi inu. Katundu akapanda kuyenda, akatha nthawi yake kapena akaonongeka popanda mgwirizano wonena yemwe adzalipire, woluza ndinu.

Ubwino wake

Kuikiza kumatsegula khomo la masitolo omwe sakanalola kugula katundu wachilendo. Katundu wanu amaonedwa ndi anthu ambiri tsiku lililonse pomwe inu muli kumunda, ndipo simulipira lendi kapena wogulitsa. Kumakuthandizaninso kudziwa zomwe ogula akufuna: kukula kwa botolo komwe kukuyenda msanga, mtengo womwe anthu akuulola ndiponso dera lomwe katundu wanu akukondedwa.

Kuipa kwake

Mpamba wanu umagona pa shelefu. Ndalama zomwe mukanagulira mtedza wina nthawi yokolola, mitengo ili yotsika, zimakhala zili m'mabotolo omwe sanagulidwe. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zikachedwa zimachepanso mphamvu. Mwachitsanzo, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zambiri idakwera, kotero kuti ndalama zolandira mochedwa sizikanagulanso mabotolo ndi zipangizo zochuluka ngati kale.

Chinanso, mwini sitolo amalimbikira kugulitsa katundu yemwe adaikapo ndalama zake. Wanu akhoza kuikidwa pansi kapena kuseri kwa katundu wina ngati simukuyenderako.

Katundu woyenera kuikiza

Ikizani katundu wokhalitsa komanso wotsekedwa bwino, monga uchi, mpunga, nyemba zolongedza, tsabola wouma ndi mafuta ophikira. Zinthu zosachedwa kuonongeka monga masamba, tomato, bowa wamuwisi, mkaka ndi chambiko ndi bwino kuzigulitsa pa ndalama zapompo.

Dziwaninso khalidwe la katundu wanu ndipo mumufotokozere mwini sitolo. Uchi weniweni umatha kuundana m'nyengo yozizira, ndipo ogula ena amaganiza kuti mwathiramo shuga. Chiponde chopanda mankhwala chimalekana, mafuta n'kuyandama pamwamba. Mafuta ophikira amaonongeka msanga akakhala padzuwa. Ufa ndi mpunga zimagwidwa ndi tizilombo komanso chinyezi zikaikidwa pansi. Chiponde chipangidwe ndi mtedza wouma bwino ndi wosankhidwa, popeza mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe.

Zofunika musanapite kusitolo

Zakudya zolongedza zimayenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, MBS, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Muyezo wa MS 21 umanena za ukhondo wa malo opangira zakudya, pomwe MS 19 umanena za zolemba pa paketi kapena botolo. Pa lebulo pakhale dzina la chinthucho, zomwe zasakanizidwamo, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga, nambala ya gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi, ndi tsiku lomwe chidzathere mphamvu.

Masitolo akuluakulu a m'tauni amafunanso kuti bizinesi kapena kopaletivi ikhale yolembetsedwa kuboma, ikhale ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku Malawi Revenue Authority, akaunti ya kubanki, ndipo nthawi zambiri barcode pa katundu. Ngati izi simunakonzeke nazo, yambani ndi magolosale a pa tauni yaing'ono yapafupi nanu.

Kusankha sitolo

Musasiye katundu paliponse pomwe avomera. Pitani kusitoloko masiku osiyanasiyana muone ngati pamabwera anthu, ngati denga silidontha, ngati mulibe makoswe, komanso ngati mwini wake amalemba zomwe wagulitsa. Funsani ena omwe amasiyapo katundu ngati amalipidwa pa nthawi yake. Sankhani masitolo oyandikana kuti ulendo umodzi ukwanire kuyendera onse.

Mgwirizano ulembedwe

Ngakhale mwini sitolo akhale mbale wanu kapena wopemphera naye, lembani mgwirizano. Tsamba limodzi ndi lokwanira, bola likhale ndi mfundo izi:

1. Maina a mbali zonse ziwiri ndi malo omwe sitolo ili.
2. Mawu onena poyera kuti katundu ndi wanu mpaka atagulidwa.
3. Mtengo wogulitsira, ndiponso kuti mwini sitolo sangausinthe popanda kukuuzani.
4. Komishoni ya mwini sitolo pa chinthu chimodzi.
5. Tsiku lowerengera katundu ndi kulipira, monga Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse.
6. Njira yolipirira: kubanki, Airtel Money, TNM Mpamba kapena pamanja, komanso yemwe adzalipire ndalama zotumizira.
7. Yemwe adzalipire katundu akasweka, akabedwa, akadyedwa ndi makoswe kapena sitolo ikapsa. Chilungamo n'chakuti chomwe chasowa kapena kuonongeka m'manja mwa mwini sitolo chiwerengedwe ngati chagulidwa.
8. Kuti sitolo ikakongoza kasitomala katundu wanu, ngongoleyo ndi ya sitolo osati yanu.
9. Nthawi yobwezera katundu wosagulidwa, tsiku lake lothera mphamvu lisanayandikire.
10. Njira yothetsera mgwirizano.

Musainire nonse pamaso pa mboni ndipo aliyense asunge pepala lake. Mfundo yachiwiri imakutetezani sitolo ikatsekedwa kapena katundu wa m'menemo akalandidwa chifukwa cha ngongole za mwini wake, chifukwa mumakhala ndi umboni woti katunduyo ndi wanu.

Kuwerengera phindu

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a njuchi lasiya mabotolo 24 a uchi m'sitolo. Botolo limodzi lawadyera K3,800 kuphatikizapo uchi, botolo, lebulo ndi ntchito. M'sitolo likugulitsidwa K6,500 ndipo komishoni ndi 20 peresenti, yomwe ndi K1,300. Gulu limalandira K5,200 pa botolo, choncho phindu likuoneka ngati K1,400.

Mwezi utatha, mabotolo 18 agulidwa, limodzi lidasweka panjira ndipo asanu atsala. Gulu lalandira K93,600. Pamenepa tichotse K68,400 ya mabotolo 18 aja, K3,800 ya botolo losweka, ndi K8,000 ya maulendo awiri. Phindu lenileni ndi K13,400, pafupifupi K745 pa botolo, pomwe K19,000 ikadali pa shelefu.

Chitsanzochi chikuonetsa kuti mtengo wa thiransipoti ndi katundu woonongeka ziyenera kulowa m'mawerengero musanavomere komishoni. Gululi likanayendera masitolo anayi pa ulendo womwewo, K8,000 ija ikanagawika panayi.

Kalondolondo wa katundu

Khalani ndi buku lokhala ndi kaboni. Nthawi iliyonse mukasiya katundu, lembani tsiku, mtundu, kuchuluka ndi mtengo, ndipo wolandira asainire. Pa tsiku lowerengera, werengani nokha zomwe zili pa shelefu ndi m'chipinda chosungira, mwini sitolo ali pomwepo. Zomwe mudasiya, kuchotsapo zomwe zatsala, ndizo zofunika kulipidwa.

Musaonjezere katundu watsopano wakale asanalipidwe. Poika watsopano, wakale abwere kutsogolo kuti ayambe kugulidwa. Pukutani fumbi ndipo pemphani kuti katundu wanu akhale pooneka. M'gulu, wokasiya katundu asakhale yemweyo wolandira ndalama. Ndalama zipite kwa msungichuma kapena ku akaunti ya gulu, ndipo lipoti liwerengedwe pa msonkhano.

Nthawi yosiya kuikiza

Yambani ndi katundu wochepa, woti ngakhale atatayika bizinesi singagwe, ndipo ikani nthawi yoyeserera monga miyezi itatu. Chotsani katundu wanu ngati mwini sitolo wadumphitsa tsiku lolipira kawiri, ngati akukana kuti muwerenge katundu, kapena ngati katundu sakuyenda. Akakana kulipira, pitani ndi mgwirizano ndi buku lanu kwa mboni ija, ndipo zikakanika nkhaniyo ikhoza kupita kubwalo la majisitireti.

Katundu akamayenda bwino, tengani buku lanu mukambirane ndi mwini sitolo kuti ayambe kupikula, kapena azilipira theka polandira katundu. Kuikiza ndi njira yolowera pa msika, koma cholinga chikhale kufika pogulitsa pa ndalama zapompo.

Kuti muthandizidwe kuwerengera mtengo kapena kulemba mgwirizano, onanani ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena mlangizi wa ulimi wa bizinesi ku ofesi ya zaulimi ya m'boma lanu.