Ndalama za Akunja ndi Nkhalango za ku Chitipa

Nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, m'mapiri a Misuku, zinalowa m'manja mwa boma la atsamunda mu 1948, tauni ya Chitipa ikutchedwabe Fort Hill. Masiku amenewo kuteteza nkhalango kunali kudula malire ndi kuikapo mlonda basi. Munthu wa mtundu wa Asukwa wobadwira pomwepo akafuna mtengo wa denga ankalowa mozemba ngati mbala. Ufulu utabwera mu 1964 zinthu sizinasinthe kwenikweni, ndipo paki ya Nyika itakulitsidwa mu 1978, mabanja ena anasamutsidwa m'malo a makolo awo.

Mphepo inatembenuka ndi lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linalola midzi kuyendetsa nkhalango limodzi ndi boma. Koma lamulo lopanda thumba ndi pepala chabe. Thumbalo linadza ndi European Union m'zaka za m'ma 2000, ndipo Chitipa inali limodzi mwa maboma 12 osankhidwa. Ku Misuku nkhalango zinagawidwa m'zigawo, makomiti anasankhidwa, mafumu n'kusainirana mapangano ndi a zankhalango. Kenaka thumba lina la akunja lotchedwa CEPF linathandiza alimi a njuchi kumeneko. Kwa ine iyi ndiyo ndalama imene inagwera pabwino, chifukwa amene wapachika mng'oma mumtengo sadikira alawansi kuti akazimitse moto wolusa.

Kumwera, chakufupi ndi Nyika, pulojekiti ya Kulera inayamba mu 2009 ndi ndalama za USAID, n'kudzabala malonda achilendo: kulipidwa chifukwa mtengo sunadulidwe, poti ukusunga mpweya wa kaboni. Kufotokozera agogo ku Nthalire kuti anthu a kutsidya la nyanja akugula mpweya, ndi ntchito ndithu!

Mu 2016 Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi nthaka yoguga pofika 2030, maso ali kwa akunja omwewo. Vuto ndi loti pulojekiti imakhala zaka zinayi kapena zisanu, nthawi imene mbawa imakhala isanayambe n'kupereka mthunzi komwe. Galimoto za pulojekiti zikachoka, makomiti ambiri amazilala. Mgwirizano wa 2023 pakati pa boma ndi Peace Parks Foundation wosamalira Nyika ndi Vwaza uli ndi pogwira chifukwa ndi wa zaka 20. Koma USAID, imene inkaoneka ngati thanthwe, inatsekedwa mu 2025.