Kamera m'mapanga a Chongoni

Ofufuza akale akafika m'mapanga a Chongoni, kumpoto kwa Phiri la Dedza, ankadalira pensulo, pepala ndi filimu. Mu 1956 Margaret Metcalfe adalemba za zojambula zapamiyala za ku Nyasaland, ndipo mu 1973 Desmond Clark adasindikiza zomwe adakumba pa phanga la Mwana wa Chencherere.

Zojambula zoyera za Achewa, za Nyau ndi chinamwali, zimatuluka bwino pa chithunzi. Vuto linali zofiira za Akafula. Timizere ndi tizungulire timeneti tidazirala moti filimu inkangoonetsa mwala. M'maiko ambiri ojambula ena ankawaza madzi pathanthwe kuti utoto uwale, ndipo chizolowezi choipachi chidawononga zambiri.

Kamera za digito zidasintha zinthu. Mu 2005 Jon Harman adatulutsa DStretch, pulogalamu ya pakompyuta yomwe imakoleza mitundu yozirala mpaka kamzere kobisika kuonekera poyera. Chaka chotsatira, UNESCO idaika malo 127 a Chongoni pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Wopita lero ku Mphunzi kapena Namzeze, ena mwa malowa, aimike kamera pa tripod, azimitse flash, adikire mthunzi. Mwalawo asaukhudze.