Werner anapambana ndi mchere wa mdani wake

Mu 1893, Alfred Werner wa ku Zürich ananena kuti mu mchere wina wa cobalt, atomu ya cobalt imakhala pakati itazingidwa ndi mamolekyu 6 a ammonia. Ozingawo lero timawatcha ma ligand, ndipo 6 ameneyo ndiye coordination number. Sophus Jørgensen wa ku Copenhagen anakana, iye ankati mamolekyuwo amalumikizana ngati unyolo. Anakangana zaka zambiri, ndipo pambuyo pake Werner anapata mphoto ya Nobel mu 1913.

Chimandiwawa n'chakuti umboni wambiri umene Werner anayambira unachokera ku mchere womwe Jørgensen anaupanga mosamala m'labotale yake. Ophunzira ambiri a chemistry dzina la Jørgensen salidziwa n'komwe.