Mbiri ya Masamu ndi Mwana Wotsalira m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Munthu aliyense amene anaimapo patsogolo pa ana akudziwa kuti m'kalasi simulephera kukhala mwana amene amawerama nthawi ya masamu ikakwana. Anzake akamakweza manja iye amakhala ngati akufuna kanthu pansi pa desiki, ndipo akafunsidwa amangotchula nambala imene yamufikira pakamwa. Mwana wotereyu si wa lero ayi. Analipo m'sukulu zofolera ndi udzu za makolo athu, alipo kuno ku Malomo, ndipo inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzamupeza akukudikirani kulikonse kumene mudzatumizidwe. Tsono n'kwabwino kuti tilondole mbiri ya phunziro limeneli m'dera lathu lino, kuti tione chimene chakhala chikumupunthwitsa, ndiponso zimene anzathu anayesa pofuna kumudzutsa.

Poyamba tivomereze kuti kuwerengera sikunabwere ndi sukulu. Achewa ndi Angoni a m'mapiri ano ankadziwa chiwerengero cha mbuzi zawo, ankayeza chimanga ndi lichero kapena dengu, ndipo nsalu ankaiyeza ndi mkono ndi mkwamba. Amuna pabwalo ankasewera bawo, masewera amene safuna munthu wogona m'mutu, pakuti wosewera ayenera kuona kumene njere yomaliza ikagwere asanatole n'komwe. Mawu athu owerengera anakhazikika pa zala za m'manja: timafika pa zisanu, kenaka timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka manja onse atha ndipo tati khumi. Chimene panalibe ndicho kulemba ziwerengerozo ndi zizindikiro.

Zizindikirozo zinafika ndi amishoni. M'chaka cha 1889 A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, a mpingo wa Dutch Reformed, anamanga mishoni ku Mvera m'dziko la mfumu Chiwere. M'chaka cha 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe m'dziko la Msakambewa, m'chaka cha 1896 mishoni ya Nkhoma inatsegulidwa, ndipo pambuyo pake ntchito inafika ku Chinthembwe m'dera la Ntchisi. Kuchokera pa malo amenewa sukulu zazing'ono zinafalikira m'midzi yambiri. Cholinga chawo chachikulu chinali chakuti anthu adziwe kuwerenga Mawu a Mulungu m'chinenero chawo, motero masamu ankabwera pambuyo pa kuwerenga, kulemba ndi katekisimu. Mphunzitsi wa m'mudzi kawirikawiri anali munthu amene anawaposa ophunzira ake pang'ono chabe, ndipo nthawi ndi nthawi ankabwerera kumishoni kukaonjezera nzeru. Ana okulirapo ankathandiza kuphunzitsa ang'onoang'ono, monga mwa njira imene Andrew Bell ku Madras ndi Joseph Lancaster ku London anaitchukitsa zaka pafupifupi 100 m'mbuyo mwake. Ana ankalemba pa sileti kapena pansi, ndipo matebulo ochulukitsira ankawaloweza pofuula pamodzi.

Njira yofuula pamodziyi inali ndi ubwino wake pamene mabuku anali osowa, koma inali ndi chilema chachikulu: inkabisa mwana wosamvetsa. M'khamu la ofuula, wodziwa ndi wosadziwa amamveka chimodzimodzi. Wotsalira ankadziwika tsiku la mayeso, ndipo mankhwala ake anali kubwereza kalasi, kapena chikwapu, kapena kungosiya sukulu n'kukaweta mbuzi.

Komabe kufunika kwa masamu kunali kukulirakulira. Boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama. Amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, kumene malipiro ankawerengedwa ndi masiku. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya wochiza ndi utsi unakula m'maboma a Lilongwe ndi Dowa, ndipo m'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimiwo. Mlimi wopita ndi fodya kumsika ankaima patsogolo pa sikelo ndi kalaliki, ndipo ngati sankatha kuchulukitsa mapaundi a kulemera ndi mtengo wake, ankangolandira chimene wapatsidwa. Kusadziwa masamu kunasanduka chinthu chodyetsa munthu njala.

Tsono masamu a nthawi imeneyo anali katundu wolemera ndithu. Mapeni 12 ankapanga shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi. Mainchesi 12 ankapanga futi, mafuti 3 ankapanga yadi, ndipo maaunsi 16 ankapanga paundi ya kulemera. Taganizani mwana akuwonkhetsa mashilingi 7 ndi mapeni 9 pamodzi ndi mashilingi 5 ndi mapeni 6. Mapeni akukwana 15, ndipo ayenera kukumbukira kuti pano sasunga pa khumi monga anaphunzirira dzulo, koma pa 12, kuti apeze mashilingi 13 ndi mapeni 3. Mwana amene anali asanagwire bwino chinsinsi cha khumi ankapatsidwa zinsinsi zina zitatu kapena zinayi pamwamba pake. N'zosadabwitsa kuti ambiri anagwera pamenepo.

M'chaka cha 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, pakati pawo Thomas Jesse Jones ndi James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera sukulu za m'Nyasaland. Zinalangiza kuti maphunziro agwirizane ndi moyo wa kumudzi, ndiponso kuti boma lisasiyire amishoni okha ntchito yonse. M'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro, ndipo m'chaka cha 1929 sukulu ya Jeanes inayamba ntchito ku Domasi, kuphunzitsa aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi. Maganizo awo anali akuti mwana awerengere zinthu zimene akuziona, monga mizere ya m'munda ndi mitengo ya zinthu pamsika. Ena anadandaula, ndipo sanalakwe, kuti maphunziro otere ankafuna kumusunga munthu wakuda pamudzi osamulola kukwera. Koma pa nkhani ya mwana wotsalira panali choona chimodzi chimene sichinakalambe: nambala imene mwana sanaigwirepo ndi manja imavuta kuigwira ndi mutu.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, zinthu ziwiri zinapeputsa katundu uja. M'chaka cha 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko, ndipo chinagwiritsidwa ntchito pophunzitsa m'makalasi oyambirira. M'chaka cha 1971 kunabwera kwacha ndi tambala: matambala 100 anapanga kwacha imodzi, ndipo makwacha awiri analowa m'malo mwa paundi imodzi. Kuyambira pamenepo ndalama za m'thumba zinayamba kuyenda pa makumi monga manambala a pabolodi, ndipo miyezo ya mita, lita ndi kilogalamu nayonso inatsata njira yomweyo. Wina akanayembekeza kuti mwana wotsalira atha tsopano, koma sanathe. Ichi chikutiphunzitsa kuti mashilingi anangokulitsa vuto, sanali muzu wake.

Kusintha kwakukulu kunadza m'chaka cha 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana olembetsa anachoka pa mamiliyoni pafupifupi awiri kufika pa mamiliyoni atatu. Chinali chinthu chabwino kuti mwana wa mmphawi alowe m'kalasi, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinakwane. Boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri amene anali asanapite kukoleji, ndipo makalasi a ana opitirira 100 anakhala chinthu chozolowereka, ena pansi pa mtengo. Kufuula pamodzi kunabwerera mwamphamvu, pakuti mphunzitsi mmodzi sakanatha kuona kope la mwana aliyense. Kafukufuku wa bungwe la SACMEQ, woyesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa m'zaka za 2000 ndi 2007, anapeza kuti ana a m'Malawi anali m'gulu la otsika kwambiri pa masamu.

Vutoli silinali lathu lokha, ndipo yankho lina linachokera kutali. Ku India bungwe la Pratham linayesa njira yoika ana m'magulu molingana ndi zimene akudziwa, osati molingana ndi kalasi kapena msinkhu wawo. M'chaka cha 2016 anansi athu a ku Zambia anayamba kuyesa njira yomweyo m'sukulu zina za chigawo cha kum'mawa ndi cha kumwera, pa ana a giredi 3 mpaka 5, ndipo anaitcha Catch Up. Mphunzitsi amayesa mwana aliyense payekha ndi mafunso ochepa, amaona pamene wakanirira, ndipo kwa kanthawi tsiku lililonse amamuphunzitsa kuyambira pamenepo, pogwiritsa ntchito timitengo ndi mitolo yake. Tikayang'anitsitsa tiona kuti muli zakale zathu zomwe: mwana wodziwa kuthandiza mnzake, ndi zipangizo zotola pakhomo. Chatsopano ndi kuyamba mwafufuza, m'malo modikira mayeso a kumapeto kwa chaka.

Nanga mbiri imeneyi ikutiuza chiyani ife? Choyamba, cholakwa cha mwana chimakhala ndi chifukwa chake. Mwana akalemba kuti 52 kuchotsapo 38 kutsala 26, sanalote ayi: wachotsa 2 pa 8, ndi 3 pa 5, chifukwa anauzidwa kuti chaching'ono ndicho chimachotsedwa pa chachikulu. Akalemba kuti 27 kuwonkhetsa 15 ndi 312, wawonkhetsa bwino mzere uliwonse, koma sadziwa kuti 12 ndi mtolo umodzi ndi timitengo tiwiri. Ana awiriwa akudwala nthenda imodzi, ndipo kuwapatsa masamu ena makumi awiri a mtundu womwewo sikungawachize. Apatseni mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri, muwauze kuti achotse 38. Adzaona okha kuti ayenera kumasula mtolo umodzi, ndipo adzatsala ndi 14. Kubwereka kumene ankangokumva ndi makutu adzakhala atakuchita ndi manja.

Chachiwiri, chinenero chathu ndi chida, ngakhale kuti lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo pophunzitsa. Mawu akuti "twelofu" sauza mwana kanthu za mmene nambalayo inapangidwira, koma akuti "khumi ndi ziwiri" amamuonetsa mtolo ndi zotsala zake. Mphunzitsi wanzeru adzatchula nambala m'njira zonse ziwiri kufikira mwanayo ataona kuti ndi chinthu chimodzi.

Chachitatu, gulu la otsalira lisakhale malo a manyazi. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mwana amene anasekedwapo safunsanso. Gululo likhale laling'ono, likumane nthawi yochepa koma kawirikawiri, ndipo mwana akagwira chimene chinamuvuta asunthidwe msanga kupita patsogolo. Makolo auzidwe bwino chifukwa chimene mwana akutsalira kusukulu anzake ataweruka, makamaka m'miyezi ya ntchito ya fodya ndi yokolola, pamene manja ake amafunika kumunda.

Zaka zoposa 130 zapita chiyambire sukulu ku Mvera. Sileti inatha, shilingi inatha, koma sikelo idakalipo pamsika wa Malomo, ndipo soya ndi mtedza zimayezedwa pamenepo chaka ndi chaka. Mwana amene akuwerama m'kalasi mwanu ndiye adzaime patsogolo pa sikeloyo mawa. Ngati adzathe kuwerengera yekha mtengo wa thukuta lake, kudzakhala chifukwa chakuti mphunzitsi wina anakhala naye pansi ndi mtolo wa timitengo.