Mbiri ya Mabuleki a Mafuta

Anthu akamakamba za galimoto zakale, kawirikawiri amatama injini ndi liwiro lake, ndipo ndi ochepa amene amafunsa kuti galimotozo zinkaima bwanji. Komatu woyendetsa aliyense amene anatsikapo phiri atasenza katundu amadziwa kuti nzeru yoyendetsa galimoto njopanda phindu pakasowa nzeru yoiimitsa. Nkhani ya lero ikufotokoza mbiri ya mabuleki ogwira ntchito ndi mafuta, anthu amene anawatulukira, zovuta zimene analimbana nazo, ndiponso chifukwa chake makaniko wokonza galimoto yakale amalimbanabe ndi zovuta zomwezo kufikira lero.

Galimoto zoyamba zinabwereka mabuleki ku ngolo za akavalo. Woyendetsa ankakoka mtengo umene unkapanikiza chipika pa mkombero wachitsulo wa gudumu. Matayala a mphira atafika, njira imeneyi inatha ntchito pakuti chipikacho chinkadya tayala. M'chaka cha 1902 Louis Renault wa ku France anakonza buleki ya diramu. M'kati mwa diramu lozungulira pamodzi ndi gudumu munali zitsulo ziwiri zokhota ngati uta, zimene amazitcha nsapato, ndipo zikatambasuka zinkakhuza diramulo mpaka gudumu kuima. Nzeru imeneyi inali yabwino, koma mphamvu ya mwendo wa woyendetsa inkafika ku nsapatozo kudzera m'ndodo zachitsulo ndi mawaya. Mawaya ankatamuka, mfundo za ndodo zinkaperepeseka, motero gudumu lina linkagwira msanga lina likuzungulirabe, galimoto n'kupatukira kumbali. Chifukwa cha mantha amenewa, opanga ambiri ankaika mabuleki ku magudumu a kumbuyo okha.

Yankho lake linali litagona m'mabuku kwa zaka zoposa 250. Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France, anasonyeza kuti madzi otsekeredwa m'chotengera akapanikizidwa pamalo amodzi, kupanikizako kumafika mofanana kumbali zonse. Buku lake lofotokoza zimenezi linasindikizidwa mu 1663, iye atamwalira chaka chapitacho. Mu 1795 Joseph Bramah wa ku London anagwiritsa ntchito lamulo limeneli popanga makina opsinjira zinthu zolemera. Chinsinsi chake n'chakuti madzi ndi mafuta sizifinyika monga umachitira mpweya. Munthu akakankha pisitoni yaing'ono kumapeto kwa paipi yodzaza mafuta, pisitoni ya kumapeto enawo imasuntha nthawi yomweyo, ndipo ikakhala ndi nkhope yokula kawiri imakankha ndi mphamvu yowirikiza kawiri. Mapaipi anayi akachokera pa silinda imodzi, magudumu onse anayi amalandira kupanikiza kofanana, ngakhale paipi itakhota chotani.

Munthu amene dzina lake linamatirira pa nzeru imeneyi m'galimoto ndi Malcolm Loughead wa ku California, m'dziko la America. Iye ndi mbale wake Allan anali ndi kampani yopanga ndege ku Santa Barbara, koma mtima wa Malcolm unali pa mabuleki. Mu 1917 boma linamupatsa chikalata chomuzindikira kuti ndiye mwini wa njira yake yoimitsira galimoto ndi mafuta, ndipo mu 1919 anasiya za ndege n'kukhazikitsa kampani ya mabuleki, imene ntchito yake inakhazikika ku Detroit. Popeza anthu ankaphonya katchulidwe ka dzina lake, analilemba kuti Lockheed, dzina limene likuonekabe pa masilinda a galimoto zambiri zakale.

Umboni woyamba umene dziko linauona unachitika ku Le Mans, m'dziko la France, m'mwezi wa Julayi 1921, pa mpikisano waukulu wa liwiro la galimoto. Abale awiri, Fred ndi August Duesenberg, anatumiza galimoto zokhala ndi mabuleki a mafuta ku magudumu onse anayi. Msewu unakumbika, miyala inkauluka ngati matalala, koma Jimmy Murphy ankatha kufika pafupi ndi pokhota asanayambe kuchepetsa liwiro, pamene anzake anali ataponda kale mabuleki. Anapambana mpikisanowo ngakhale kuti mwala unali utaboola rediyeta yake. M'chaka chomwecho kampani ya Duesenberg inayamba kugulitsa galimoto ya Model A yokhala ndi mabuleki a mtundu umenewu, koma mtengo wake unali wa anthu olemera okhaokha.

Chimene chinkalepheretsa nzeruyi kufala chinali kanthu kakang'ono kwambiri. Kutsogolo kwa pisitoni iliyonse kumakhala kachikho kamene ntchito yake ndi kutseka mafuta kuti asadutse. Tizikho toyamba tinali tachikopa, ndipo tikauma tinkafota, mafuta n'kuyamba kudontha. Akatswiri atatu amene ankagwira ntchito ndi Walter Chrysler, omwe ndi Fred Zeder, Owen Skelton ndi Carl Breer, anasintha chikopa n'kuika mphira. Galimoto yoyamba yodziwika ndi dzina la Chrysler inatuluka mu 1924 ili ndi mabuleki a mafuta, pa mtengo umene anthu ambiri akanaukwanitsa. Koma mphira wachilengedwe amatupa akakhudzana ndi oyilo wochokera pansi pa nthaka. N'chifukwa chake mafuta oyamba a mabuleki ankapangidwa ndi mafuta a nsatsi osakaniza ndi sipiriti, pakuti nsatsi siziononga mphira. Ku Britain, kampani ya Automotive Products ya ku Leamington Spa inayamba kupanga mabuleki a Lockheed mu 1928.

Si onse amene anakhutira. Chevrolet inadikira mpaka 1936, ndipo Henry Ford anakakamira ndodo ndi mawaya mpaka galimoto za 1939. Ambiri amamunena kuti anali wouma mutu, koma mantha ake anali ndi maziko. Ndodo imodzi ikathyoka, magudumu ena amagwirabe. Koma pamene mapaipi onse akumwa pa silinda imodzi, kabowo kamodzi kokha kamathetsa mabuleki a magudumu onse anayi, chopondera n'kugwa mpaka pansi. Vutoli linachepa mu 1962 pamene Cadillac ndi American Motors anagawa silinda yaikulu, imene amakaniko amaitcha master cylinder, m'zigawo ziwiri, kuti chigawo china chikafa chinacho chigwirebe. Boma la America linalamula kuti galimoto zatsopano zikhale zotero kuyambira mu 1968. Galimoto zambiri zopangidwa kale, monga Morris Minor imene inatuluka kuyambira 1948 mpaka 1971, ndi Land Rover zoyambirira zimene zinatumikira m'misewu yafumbi ya Nyasaland, zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta. Mwini galimoto yotere alibe mwayi wachiwiri, kupatula buleki ya pamanja, imene ndi waya wotsala wa nzeru yakale ija.

Mdani wina anabwera pamodzi ndi mafuta atsopano. Mafuta a nsatsi analowedwa m'malo ndi mafuta a glycol, amene amapirira kutentha kwambiri, koma amamwa chinyezi cha mumpweya monga umachitira mchere nthawi ya dzinja. Malinga ndi muyeso wa DOT 3, mafuta atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi osakwana magawo 4 pa 100 alionse, malire ake amatsika kufika pa madigiri 140. Pa DOT 4 ziwerengerozi ndi 230 ndi 155. Pamsewu wa chidikha kusiyanaku sikuoneka. Kumaonekera pa mtsetse wautali, monga wotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, pamene madiramu amatentha, mafuta okalamba n'kuwira m'masilinda. Nthunzi imafinyika ngati mpweya, motero mwendo umaponda koma mphamvu siifika ku magudumu. Madzi omwewo amabala dzimbiri m'kati mwa masilinda, makamaka galimoto ikakhalitsa osayenda, ndipo dzimbirilo limang'amba tizikho ta mphira tsiku limene galimotoyo idzadzutsidwe. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: galimoto yakale yopakidwa penti wonyezimira ingathe kukhala ndi mabuleki ovunda. Ichi n'chifukwa chake opanga ambiri amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse, galimoto iyende kapena isayende.

Tsono makaniko wosamala akalandira galimoto yakale, amabwereza mbiri yonseyi ndi manja ake. Amayamba waikweza n'kuikhazika pa zochirikiza zolimba, osadalira jeke yekha. Amatsatira paipi iliyonse yachitsulo kufunafuna dzimbiri, ndipo yodyeka amaichotsa n'kuika yatsopano, kawirikawiri ya mkuwa wosakaniza ndi nickel, mtundu umene Volvo inayamba kugwiritsa ntchito mu 1976. Mapaipi a mphira a pafupi ndi magudumu amawapinda kuti aone ming'alu, podziwa kuti ena amatupira m'kati n'kutsekera mafuta, buleki n'kumagwira osamasuka. Akavula diramu sauzira fumbi lake, pakuti nsapato zakale zinkakutidwa ndi asbestos amene amaononga mapapo, amalinyowetsa n'kulipukuta. Akapeza chinyontho kuseri kwa mphira wotchinga fumbi pa silinda ya gudumu, amadziwa kuti kachikho katha. Silinda yokandika pang'ono amaisalaza m'kati n'kuika tizikho tatsopano, timene amakaniko amangoti malabala, koma yokumbika ndi dzimbiri amaisintha. Nsapato zimene zamwa mafuta sizitsukika, ndipo amazisintha mbali zonse ziwiri pamodzi kuti galimoto isakokere kumodzi.

Posankha mafuta, phunziro la mphira lija limabwereranso. Oyilo wa injini kapena palafini wochepa chabe akalowa m'mabuleki a glycol, malabala onse amatupa. Mafuta a silicone, otchedwa DOT 5, sasakanizidwa ndi a glycol. Galimoto za Citroën zinayamba mu 1966 kugwiritsa ntchito mafuta obiriwira otchedwa LHM, ndipo kuthira glycol mmenemo ndi kuononga zonse. Safunsa anadya phula: buku la galimotoyo ndilo loyenera kufunsidwa botolo lisanatsekulidwe.

Ntchito yomaliza ndiyo kuchotsa mpweya, ndipo imafuna anthu awiri omvana. Nsapato zikasendezedwa bwino pafupi ndi madiramu, mmodzi amakhala pa chopondera, wina amapita ku gudumu, kawirikawiri kuyambira limene lili kutali kwambiri ndi silinda yaikulu. Amalumikiza kapaipi koonekera m'kati pa kabawuti kotulutsira mpweya, mapeto ake n'kuwamiza m'botolo la mafuta oyera. Wa kugudumu amamasula kabawutiko, mnzake n'kuponda pang'onopang'ono mpaka pansi, ndipo sanyamula phazi kufikira atauzidwa kuti kamangidwanso. Amabwereza chomwecho mpaka thovu litatha ndipo mafuta akutuluka oyera, akuonetsetsa kuti kathanki ka pa silinda yaikulu kasaphwe, pakuti kakaphwa ntchito yonse imayambiranso. Pomaliza amaponda mwamphamvu n'kugwira. Chopondera chikamanyenyera ngati siponji, mpweya udakalimo. Chikamamira pang'onopang'ono, mafuta akudutsa penapake. Chikaima nji, galimoto ingayesedwe pamalo opanda anthu isanalowe pamsewu.

Kuyambira pa mpikisano wa ku Le Mans papita zaka zoposa 100. Mabuleki a disiki, amene Jaguar inawatchukitsa popambana pamalo omwewo mu 1953, analanda malo a diramu m'galimoto zambiri, ndipo makompyuta anayamba kuthandiza phazi la woyendetsa. Komabe galimoto zochuluka zikuimabe ndi lamulo la Pascal ndi nzeru ya Loughead, ndipo vuto limene linasautsa akatswiri a 1924 silinasinthe: mafuta akhale m'kati, mpweya ndi madzi zikhale kunja. Moyo wa onse okwera m'galimoto yakale umatsamira pa kachikho ka mphira kosaposa ndalama yachitsulo, ndiponso pa kudekha kwa munthu amene anakaika m'malo mwake.