Kannauj, Mzinda wa Mafuta Onunkhira

Mzindawu uli kuti?

Kannauj ndi mzinda wakale kwambiri. Uli kumpoto kwa India, m'chigawo cha Uttar Pradesh, pafupi ndi mtsinje wa Ganges. Makolo ankautcha Kanyakubja.

Nthawi ya mafumu

Mfumu Harsha inalamulira kuyambira mu 606 mpaka mu 647, ndipo likulu lake linali Kannauj. M'masiku ake kunafika mlendo wochokera ku China, dzina lake Xuanzang. Iyeyu analemba zambiri zimene anaona kumeneko.

Harsha atamwalira, ufumu wake unagawanika. Pambuyo pake mabanja atatu achifumu, a Pratihara, a Pala ndi a Rashtrakuta, analimbirana mzindawu kwa zaka zambiri. Mu 1018 Mahmud wa ku Ghazni anauthira nkhondo. Mu 1540, pafupi ndi mzindawu, Sher Shah Suri anagonjetsa Mfumu Humayun.

Amalamulira ndani lero?

Lero Kannauj ndi likulu la boma la dzina lomwelo. Bomali linakhazikitsidwa mu 1997. Kale linali mbali ya boma la Farrukhabad. Lili ndi zigawo zitatu: Kannauj, Chhibramau ndi Tirwa. Woyang'anira boma lonse amatchedwa District Magistrate, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya bwanamkubwa wa boma kuno kwathu.

Mafuta otchedwa attar

Chimene chatchukitsa Kannauj ndi mafuta onunkhira otchedwa attar. Ntchito imayamba m'bandakucha. Anthu amathyola maluwa a rozi dzuwa lisanatuluke, fungo lisanathawe. Maluwawo amawathira mumphika waukulu wamkuwa, n'kuthiramo madzi. Chivundikiro amachimata ndi dongo kuti nthunzi isatuluke. Kenako amasonkha moto wa nkhuni.

Amene anaonapo mmene amatchezera kachasu amva msanga. Nthunzi imadutsa mumpope wa nsungwi n'kukagwera mumtsuko wina wamkuwa. Mtsukowo umakhala m'madzi ozizira, ndipo mkati mwake muli mafuta a mtengo wa sandalwood. Mafutawo ndi amene amagwira fungo la maluwa.

Palibe makina oyezera kutentha. Mmisiri amakhudza mtsuko ndi dzanja, amatchera khutu kumphika. Akamva kuti moto wachuluka, amaphula nkhuni zina. Mawa lake amabweretsa maluwa atsopano, koma mafuta ndi omwewo. Amatero masiku ambiri mpaka fungo litakhwima. Pomaliza amasunga mafutawo m'mabotolo achikopa kuti madzi otsala aume. Luso limeneli ndi lofunika kulipatsa ulemu, chifukwa munthu saliphunzira chaka chimodzi.

Fungo la mvula yoyamba

Mukulidziwa fungo la dothi ikangogwa mvula ya chizimalupsa? Ku Kannauj fungo limeneli amaliika m'botolo. M'malo mwa maluwa, mumphika muja amaikamo mapale a dongo lowotcha. Mafuta amene amatulukawo amatchedwa mitti attar. Mitti ndiye kuti dothi.

Mavuto a amisiri

Mafuta a sandalwood akwera mtengo kwambiri, choncho amisiri ena amagwiritsa ntchito mafuta otchipa. Achinyamata ambiri amakonda pefyumu wopopera wa m'mafakitale. Attar wambiri tsopano amagulidwa ndi makampani onunkhiritsa fodya ndi zotafuna. Boma la India linatsegula malo otchedwa Fragrance and Flavour Development Centre mumzindawu mu 1991. Kumeneko amayeza mafuta ndi kuphunzitsa anthu ntchitoyi.