CHINGWE CHA MSANA NDI MKANGANO WA AKATSWIRI AŴIRI

M'chaka cha 1828, mphunzitsi wina wa pa sukulu yaukachenjede ya Königsberg, dzina lake Karl Ernst von Baer, anasindikiza buku lofotokoza m'mene mwanapiye amaumbikira m'dzira. Iye ankaswa mazira ofungatiridwa kwa tsiku limodzi kapena aŵiri, namawayang'ana pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. M'kati mwa mluza anapezamo kachingwe kolimba koma kopindika, kogona pakati pa thupi kuyambira kumutu kufikira kumchira, fupa lililonse lisanaoneke. Anakatcha *chorda dorsalis*, ndiko kuti chingwe cha msana. Lero asayansi amati notochord.

Mmisiri asanayale njerwa amayamba wakoka chingwe, ndipo khoma limatsata pomwepo. Ndi momwemonso m'thupi. Mafupa a msana amaumbika mozungulira chingwechi, ndipo tsopano kukudziŵika kuti chimatulutsa mankhwala otsogolera kakulidwe ka mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mwa munthu chimaoneka m'sabata yachitatu chiyambire kuumbika kwa mwana m'mimba. Ntchito yake ikatha chimazimirira, kusiya zotsalira zofeŵa m'kati mwa timitsamiro tokhala pakati pa mafupa a msana.

Von Baer ankakhulupirira kuti nyama zonse zili m'magulu anayi osalumikizana, ndi kuti chingwechi ndi chizindikiro cha gulu limodzi lokha: nsomba, achule, njoka, mbalame, nyama zoyamwitsa ndi anthu.

Amene anasokoneza maganizo ameneŵa anali mnyamata wa ku Russia, Alexander Kowalevsky, wobadwa mu 1840. Iye anapita ku Naples kukaphunzira tizilombo ta m'nyanja yamchere. Kumeneko kuli kanyama kotchedwa ascidian, kooneka ngati thumba lomatirira pamwala. Kalibe mutu, kalibe miyendo, kamangomwa madzi ndi kuwalavula. Akatswiri ambiri ankakaika pa mtundu umodzi ndi nkhono. Koma mu 1866 Kowalevsky analengeza kuti ana a kanyamaka amasambira ngati mbululu, ndipo m'mchira mwawo muli chingwe chomwe chija, mtsempha uli pamwamba pake monga mwa mwanapiye. Kambululuko kakapeza mwala kamamatirapo ndi mutu, mchira ndi chingwe n'kusungunuka. N'chifukwa chake onse amene ankapenda zazikuluzikulu zokha sanaonepo kanthu.

Charles Darwin anailandira nkhaniyi ndi manja aŵiri, naitchula m'buku lake la 1871, *The Descent of Man*, ngati umboni wakuti nyama za fupa la msana zinachokera ku tizilombo topanda fupa. Von Baer, amene mphotho yotchedwa ndi dzina lake inaperekedwa kwa Kowalevsky mu 1867, sanagwirizane nazo. Mu 1873, ali ndi zaka 81, analemba motsutsa, naumirira kuti kanyamako ndi mbale wa nkhono basi. Nkhalambayo sinali mbuli; palibe amene ankadziŵa mluza kuiposa. Chinaivuta n'chakuti chingwe chimene inatulukira yokha chinali kugwetsa mpanda umene inamanga pakati pa magulu a nyama. Inamwalira mu 1876.

Mlanduwu unakomera mnyamatayo. Lero kanyama kapamwala kaja kali m'gulu lotchedwa Chordata pamodzi ndi chambo, nkhuku ndi munthu, ndipo kafukufuku wa majini wofalitsidwa mu 2006 anasonyeza kuti mwa nyama zonse zopanda fupa la msana, mtundu wake ndiwo uli pafupi kwambiri ndi anthu.